Maliro Anatipeza ku Mpira

Ine mawu ndinabadwa nawo. Sukulu sindinapite nayo patali, cholembera ndimachigwira ngati mpini wa khasu, koma ndikaima pachulu chimene chili kuseri kwa dibi la ng'ombe n'kutsegula pakamwa, midzi inayi imamva. Mphepo ikakhala yabwino, ndi a kutsidya kwa msewu waukulu omwe amamva. Sikudzitama ayi. Funsani aliyense wokhala pakati pa Sinda ndi Katete.

Chifukwa cha mawu amenewa ndinali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba inali yolengeza maliro. Munthu akamwalira, amfumu akadziwitsidwa, ine ndinkakwera pachulu paja. "Tamverani kunooo! Kwagwa zovuta kwa auje!" Anthu ankasiya makasu m'munda momwemo. Amayi ankanyamula nkhuni ndi ufa, amuna ankadula masamba kukaika pamsewu, ena n'kumatulutsa katundu m'nyumba ya siwa kuti olira apeze pokhala. Kwathu kuno munthu akafera kuchipatala, thupi lake limapeza anthu atakhala kale pakhomo, ndipo amayi amakalichingamira kunjira akulira. Safika pakhomo pake ngati thumba la feteleza. Zonsezi zinkayambira pakamwa panga, ndipo zaka zonse zija sindinachedwepo.

Ntchito yachiwiri inali ya mpira. Timu yathu ndi ya pansi kwenikweni, ya m'ligi ya kuno kuchigawo, imene nkhani zake simungazimve pawailesi. Bwalo ndi la pasukulu, zigoli ndi mitengo ya bulugamu, mizere tinkathira phulusa. Lamulungu lililonse limene timu inali pakhomo, anthu akangotuluka m'tchalitchi, ndinkayenda mudzi ndi mudzi kuitanira anthu ku mpira wa 3 koloko masana.

"Bola lero! Fifitini awazi! Wotsala atsale ndi agalu!"

Ndipo ankabwera. Amayi ankakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa golo la kumpoto, nyimbo zili pakamwa, makanda ali kumsana. Amuna ankazungulira bwalo lonse, njinga atazigoneka m'udzu. Ng'oma ankaimba mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono. Anali munthu wosakonda kulankhula. Ng'omayo ankaikoleka paphewa ndi chubu cha njinga, n'kumanditsatira kulikonse kumene ndalowera. Iye manja, ine pakamwa. Mwana wawo woyamba, muphwa wanga, ndiye anali goloboyi wathu, munthu wamtali, wa banja lake kale, wa manja ngati zikho.

Alendo ankatiopa chifukwa cha ine. Wosewera wawo akaphonya ndinkamufunsa ngati phazilo anabwereka kwa apongozi ake. Woimbira mpira ndiye ankazimva bwino. "Alefa! Maso mwawasiya ku Sinda? Titume wa njinga ya Honda akawatenge?" Bwalo lonse linkafa ndi phwete, alefa omwe ankaseka atayang'ana kumbali.

Ndinene zoona, anthu anali atayamba kale kuchepa tsiku limene ndikufuna kunenali lisanafike. M'mashopu a pamsewu anaikamo ma TV, ndipo mpira wa azungu umayamba nthawi yomweyo imene wathu umayamba. Anyamata ena ankabwera kubwalo koma maso ali pafoni, akubetcha. Nthawi zina alendo sankafika n'komwe, galimoto yawafera panjira, anthu n'kukhala padzuwa mpaka kutopa. Koma amayi ankabwerabe, ng'oma inkalirabe. Bwalo silinali lodzaza ngati kale, koma linali la moyo.

Chaka chimenecho maliro anatigwera kawiri pa Lamulungu la mpira. Kwathu sumenya bola mtembo uli pamudzi. Kawiri konse alendo anabwerera osasewera, mapointi anapita kwa iwo. Kenaka kunabwera kalata yochokera kwa akuluakulu a ligi. Tcheyamani wa timu, munthu wa golosale pamphambano, anatiwerengera. Inati tikalephera kulowa m'bwalo kachitatu, atichotsa m'ligi. Kalatayo sinatchule za maliro.

Mlamu wanga anali atagonekedwa kuchipatala ku Katete milungu iwiri. Miyendo inatupa, kupuma kunkavuta. Mlongo wanga ndiye ankamudikirira. Lamulungu limenelo tinali ndi timu ya ku Vubwi. Anafika m'mawa ndithu, atadzaza lole, fumbi lili mpaka m'nsidze, chifukwa njira ya kwawo ndi yaitali ndiponso yoipa. Ndinawalandira monga mwa nthawi zonse.

"Takulandirani a m'malire! Lero mwabwera ngati a dziko liti, Zambia, Malawi kapena Mozambiki? Mapasipoti aoneke!"

"Madala, mudakali moyo?" anayankha kochi wawo. "Tinamva kuti mawu anatha!"

"Atha ukadzaphunzira kuwina!"

Ndikuchoka pamenepo foni inalira m'thumba. Nambala yachilendo. Anali mlongo wanga, pafoni yobwereka kwa wina m'wodi.

"Achimwene, alamu anu atisiya. Posachedwapa."

Sanali kulira. Anati ndidziwitse amfumu, ndilengeze, ndipo mwana ndimuuze ndine, ndimukhazike pansi kaye. Nkhani yotere mwana sauzidwa pafoni, amamuuza malume wake maso ndi maso. Anati iye akusaka galimoto.

Ndinati, "Ndamva."

Ndinaima pansi pa mtengo wa mango uja. Dzuwa linali lisanafike pamutu. Ndinaganiza motere: lero ndi Lamulungu. Mapepala a kuchipatala amachedwa. Galimoto yonyamula maliro simaipeza msanga, muyenera kukambirana, kudikira dalaivala adye. Akafika msanga ndiye kuti dzuwa likulowa. Mpira ukhala utatha. Ndikwera pachulu anthu adakali pamodzi, nthawi yotulutsa katundu ikhalapo. Wakufa wafa kale. Mlamu wanga yemweyo, akanakhala kuti angafunsidwe, akanati sewerani. Ndinaganiza choncho, ndipo m'mutu mwanga zinkamveka zanzeru.

Ndinapita kugolosale. Tcheyamani ankalongedza majezi m'katoni.

"Atcheya, alamu apita."

Anasiya jezi. Anandiyang'ana, anayang'ana lole ya alendo kudzera pazenera.

"Wina wamva?"

"Ine ndi inu."

Kenaka anatola jezi ija n'kuyamba kuipinda.

"Akulu, ine sindinamve kanthu. Mwabwera kudzagula machesi."

Anandipatsa bokosi la machesi. Ndinalilandira.

Kenaka ndinayenda midzi inayi yonse monga ndinkachitira. "Bola lero! A ku Vubwi abwera kudzalira!" Ndinadutsa pakhomo pa mlongo wanga. Chitseko chinali chokhoma ndi loko, nkhuku zikupalasa pakhonde, ng'oma ili pamsomali pansi pa denga. Ndinafuula pomwepo, chifukwa nyumba zoyandikana nazo zinali ndi anthu.

Osewera anali m'kalasi ina pasukulu, mafoni awo kochi atawatolera m'chikwama kuyambira m'mawa. Ndi lamulo lake limenelo. Potuluka kupita kubwalo muphwa wanga anapatuka pamzere n'kubwera kwa ine, akumanga magolovesi.

"Amalume, kuchipatala mwamvako lero?"

"Ali momwemo."

"Mawa ndipitako ndi nkhuku ija. Dzulo amayi amati abambo ayamba kulakalaka msuzi."

"Uchite bwino. Tsopano pita, usatichititse manyazi."

Anathamanga kukalowa pagolo.

Tsiku limenelo ndinafuula kuposa masiku onse. Ng'oma panalibe, choncho ndinagwira ntchito ya anthu awiri. Ndinathamanga m'mbali mwa mzere ngati mnyamata. Ndinanyoza goloboyi wawo, ndinanyoza nsapato za kochi wawo, ndinanyoza lole yawo. Amayi ankavomera ndi nthungululu. Tinagoletsa chimodzi theka loyamba lisanathe. Muphwa wanga anagwira mpira wina umene ngakhale lero sindidziwa kuti anaufikira bwanji. Ndinakuwa, "Ameneyo ndi magazi anga! Wa m'mbumba yanga ameneyo!" Foni inalira kawiri m'thumba. Sindinaitulutse.

Njira yopita kwa mlongo wanga imadutsa kuseri kwa golo la kumwera. Theka lachiwiri goloboyi wathu anali kumeneko. Titangosewera pang'ono, kunatulukira galimoto ya kanta yoyera, ikuyenda pang'onopang'ono. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mwini wake anali munthu wa mpingo wa mlongo wanga, anapita kukazonda wodwala wina, ndipo atamva anangoti kwezani, tiyeni. Mapepala nawo sanachedwe. Kumbuyo kwa kantayo kunali matiresi, beseni, chidebe, ndi mlongo wanga atakhala pansi, dzanja lili pa chinthu chachitali chokutidwa ndi bulangete. Panalibe woimba. Panalibe masamba pamsewu. Ana ena anaithamangira n'kumaimenya m'mbali, akuganiza kuti ndi yogula thonje.

Mlongo wanga anayang'ana bwalo. Anayang'ana anthu onse aja. Sanagogode kuti dalaivala aime. Kanta inapitirira.

Ambiri sanaione, maso anali pampira. Ine ndinaiona. Muphwa wanga naye anaiona, anatembenuka, anaima atafulatira bwalo. Mpira unkaseweredwa kutsidya. Patapita kanthawi tinamva kulira kuchokera kumudzi. Mawu a munthu mmodzi. Ndakhala pamaliro osawerengeka, koma kulira kwa mayi mmodzi yekha, wopanda womuvomera, ndinali ndisanakumvepo. N'kochepa kwambiri. Kumamveka ngati kwa mbuzi yomangidwa kutali.

Amayi a pansi pa mango anasiya nyimbo. Mmodzi anaimirira, kenaka onse. Anayamba kuthamanga akumanga zitenje, ena akulira kale asanadziwe kuti wafa ndani. Muphwa wanga sanathamange. Anayenda, magolovesi ali m'manja, anadutsa m'munda wa aphunzitsi osatsata njira. Amuna anatola njinga. Osewera athu anatsatira ndi majezi omwewo. M'bwalo munatsala a ku Vubwi ndi alefa, wezulo ili pakamwa, ndi ine. Wina wa ku Vubwi anagudubuzira mpira m'golo lopanda munthu, anzake anamukalipira.

Kochi wawo anabwera kwa ine atavula chipewa. "Madala, pepani. Ndi achibale?"

"Mlamu."

"Mwangomva kumene?"

Ndinapita pachulu. Ndinakwera, ndinalengeza monga mwa mwambo, mawu onse osasiyako. Kunalibe womva, onse anali atapita kale.

Nditafika pakhomo ndinapeza akuthyola loko ndi nkhwangwa, chifukwa makiyi anali atasokonekera m'katundu. Thupi linali lidakali pakanta, padzuwa. Dalaivala anali ataima pambali akusuta. Mlongo wanga anali atakhala pansi pafumbi, amayi atamuzungulira. Atandiona anasiya kulira. Analankhula ndi mawu wamba, koma onse anamva.

"Achimwene, foni ija simunamve bwino?"

"Ndinamva."

"Nanga?"

"Ndimati mufika dzuwa litalowa."

Anati, "Oho."

Anapitiriza kulira. Palibe anandigwira, palibe anandinyoza. Wina anandipatsa mpando chifukwa ndine mwini mbumba. Ndinakhala. Muphwa wanga anali m'nyumba akutulutsa mipando ndi matumba a mtedza, jezi ya goloboyi idakali pathupi. Anadutsa pamaso panga kangapo. Sanandiyang'ane, komanso sanandipewe.

Maliro anayenda bwino. Anthu anabwera ambiri, a ku Vubwi omwe anakhala nafe pang'ono asananyamuke. Kumanda ndinalankhula m'malo mwa banja, ndipo amene anali kumbuyo kwenikweni anamva mawu aliwonse. Patapita masiku, akuluakulu a pamudzi anandiitana. Nkhani sinatalike. Ndinavomera, ndinapereka mbuzi, anati yatha. Tcheyamani anali pomwepo. Sindinamutchule, iyenso sanatsegule pakamwa.

Mapointi a tsikulo anapita ku Vubwi. Koma popeza tinalowa m'bwalo n'kuyamba masewero, sanatichotse m'ligi. Tcheyamani anandiuza zimenezi pagolosale motsitsa mawu. "Akulu, timu yapulumuka." Ndinati chabwino. Ndinayembekeza kuti ndimva kanthu mumtima, kukondwa kapena manyazi. Munalibe kanthu. Ndinagula mchere n'kubwerera.

Muphwa wanga sanasewerenso. Sanalengeze kuti wasiya, anangobweza jezi atachapa. Mpaka lero amandipatsa ulemu wonse. Amandilonjera atavula chipewa, amanditumizira ndiwo, chaka chatha anandifolerera khitchini. Funso limene anandifunsa tsiku lija, ndi yankho limene ndinamupatsa, sitinazikambepo. Nkhuku ija inaphedwa pamaliro.

Patapita mwezi timu inali pakhomo. Ndinayenda midzi inayi. "Bola lero! Fifitini awazi!" Anthu ankayankha bwinobwino. "Tamva, madala. Tibwera." Pamudzi wachitatu bambo wina amene ankakonza goli la ng'ombe anadzutsa mutu.

"Akulu, mwayamba mwaona foni? Kulibe wina wafa?"

Amene anali naye anaseka. Inenso ndinaseka. Ndinamuuza kuti akadzafa iye ndidzadikira ligi yonse ithe. Anaseka kwambiri. Kubwalo sanabwere.

Amayi sanabwere ndi mmodzi yemwe. Palibe anawaletsa, sanapangane. Mkazi wanga nditamufunsa anati, "Ndikakhale pansi pa mango paja ndiziimba chiyani?" Ndipo bwalo lopanda amayi ndi lina. Mulibe nyimbo. Ng'oma inapita kutchalitchi, amaimbira kwaya. Amuna amene ankabwera ankaima atapinda manja, ena theka loyamba likatha n'kumasowa mmodzimmodzi kulowera kumashopu. Ndikanyoza alefa, mawu ankawoloka bwalo n'kukagunda khoma la sukulu. Alefa ankatembenuka n'kundiyang'ana ine ndekha, chifukwa panalibenso wina woti amuyang'ane. Wina anandifunsa mwaulemu, "Bambo, mwamwa?" Sindimwa ine.

Za maliro nazo palibe anandichotsa ntchito. Kungoti uthenga unayamba kuyenda m'mafoni, ndipo ndikamafika pachulu ndinkaona amayi ali kale panjira ndi nkhuni pamutu. Ndinkalengezabe. Kamodzi nditalengeza za gogo wina, mayi amene ankadutsa pansi pa chulu anafunsa, "Amwalira lero, kapena dzulo?" Sanafunse mwachipongwe. Ankafunadi kudziwa.

Tcheyamani amati vuto ndi ma TV ndi kubetcha. Amati paliponse zili chimodzimodzi. Mwina akunena zoona. Ndinapitako ndi timu ku Katete, ndinapitako ku Sinda, mabwalo ali mbee, anthu ochepa atakhala pamthunzi, ndipo kumeneko palibe kanta ya maliro inadutsa. Mwina athu akanasiyabe, chaka chimenecho kapena chotsatira. Ndaganizapo kambiri, sindidziwa. Chimene ndidziwa n'chakuti kale ndikaitana ankabwera.

Ndinapitirizabe zaka ziwiri. Midzi inayi inasanduka iwiri chifukwa cha bondo. Nthawi zina oonerera tinkakhala ine, aphunzitsi awiri ndi akazi a osewera a timu ya alendo. Unkamva osewera akupuma. Unkamva nsapato ikugunda mpira, kochi akutsokomola. Timu inkawina, inkaluza. Ndinkabwerera kunyumba, mkazi wanga n'kufunsa kuti zatha bwanji, nthawi zina ndinkayamba ndaganiza kaye.

Chilimwe chathachi mlongo wanga anayamba kudwaladwala. Shuga, akutero a kuchipatala. Lamulungu lina ndinadutsira kwawo ndikupita kukaitana anthu. Ndinamupeza pakhonde akusenda mtedza m'lichero. Anandipatsa mpando. Tinakamba za mvula, za mtengo wa thonje, za mdzukulu wake amene wayamba kuyenda. Ndinatenga mtedza wodzaza dzanja n'kuyamba kumuthandiza.

Osadzutsa mutu anati, "Achimwene, pali kanthu ndimafuna mudziwiretu, musadzamve kwa ena."

"Nena."

"Langa likadzafika, musadzavutike ndi kukwera pachulu. Ndauza kale mwana wanga ndi amayi a chigwirizano. Adzadziwitsa anthu okha."

"Ine ndine mlongo wako."

"Eya. Mudzakhala pampando wanu, kumanda mudzalankhula. Kulengeza kokhako."

"Zaka zonsezi ndinachedwa kamodzi."

"Kamodzi, eya."

Sanakweze mawu. Anapeta makoko n'kuwataya pansi, nkhuku zinathamangira. Ndinafuna kunena kuti mbuzi ndinapereka, kuti akuluakulu anati yatha, kuti mwamuna wake yemwe akanavomera. Mawu analipo, sanandithere ayi. Ndinangoona kuti palibe kumene angapite.

Ndinati, "Chabwino."

Anandithirira mtedza wina pamwendo. Tinapitiriza kusenda. Tsiku limenelo sindinayende mudzi uliwonse. Dzuwa litapendeka tinamva wezulo kusukulu, chifukwa kwa mlongo wanga ndi pafupi. Anandiyang'ana.

"Simupita? Ayamba."

"Asewera okha."

Lichero litadzaza analowa m'nyumba kukatenga thumba lina. Tinasenda mpaka wezulo yomaliza. Zigoli za tsikulo sindinafunse, ndipo kubwaloko sindinapondekonso.